Dzina la Zelipa

Kandege kaja kanapha anthu atatu, koma wailesi inati awiri. Ackim Zulu anamva ndi makutu ake ali pasiwa, maliro a mkazi wake Zelipa ali m'nyumba.

Kumapeto kwa bwalo la ndege la pafamu ina ku Chiparamba kumamera udzu wautali, poti ng'ombe sizifikako. Chilimwe chilichonse azimayi amadumpha waya n'kukamweta wofolera nyumba, ndipo alonda amayang'ana kumbali. Tsiku la ngoziyo Zelipa ankadandaula msana. Ackim ndiye anamukakamiza.

"Amake Mwiza, anzanu amaliza kale kumweta. Mvula ikabwera tidzafolera ndi malaya?"

Kandege kochokera ku Lusaka kanabwera motsika kwambiri pofuna kutera, kanakola phiko mumtengo wa msuku, n'kugwera pomwe Zelipa ankamanga mtolo wake.

Eni ndege anafika pa magalimoto oyera mbee. Anayeza ndi zingwe, natola kachitsulo kalikonse mwaulemu ngati dzira. Zenga lomwetera udzu la Zelipa analikankha ndi nsapato.

Chaka chitatha, kunamveka zoti eni ndegewo akumanga chiliza pamalopo. Ackim anapalasa njinga mpaka ku ofesi yawo ku Chipata katatu konse. Ulendo wachitatu ndi pomwe bwana anamulola kulowa.

"Sindikupempha zambiri, bwana. Mulembepo dzina lake basi. Zelipa. Si lalitali."

Bwanayo anali wa pakamwa pozuna, mtundu wa anthu okupepesa akuyang'ana wotchi.

"Madala, tamva chisoni. Koma mayiwo anali pamalo oletsedwa. Nanga anawatuma ndani kudumpha waya?"

Funsolo linamupweteka Ackim kuposa maliro, ndipo anatuluka nalo osaliyankha.

Tsiku lovundukula chiliza anavala jekete yake ya kutchalitchi, nakaima kunja kwa waya. Udzu wonse anali atautchetcha kuti alendo asadetse nsapato. Nsalu itachotsedwa panaoneka mayina awiri onyezimira, ndipo m'busa anawapempherera onse awiri. Achibale awo ankalira, ndipo Ackim anawachitira nsanje chifukwa iwo anali ndi polirira.

Mtima unakana. Anagwira waya ndi manja awiri nakuwa:

"Ndinamutuma ndine! Mwamva? Ndine! Tsopano lembani dzina lake!"

Alendo ena anacheuka pang'ono. Mlonda anabwera chothamanga, namugwira pamkono.

"Madala, sunthirani uko. Mukuoneka pa chithunzi."