Dzanja M'dengu la Blackson

Tsiku lomwe ankamulemba Blackson ntchito yothyola tiyi, kapitawo Malizani sadazungulire. "Ndikudziwa komwe mwachokera, achimwene, ndipo ndilibe nazo kanthu. Koma mukangokhudza munthu m'munda muno, ngakhale ndi chala, mutule dengu muzipita."

Blackson adavomera. Akadakana bwanji? Adali atangotuluka kundende, komwe adakhala zaka zinayi atavulaza munthu pamowa ku Goliati, ndipo esiteti ziwiri zidali zitamubweza kale pageti. Mkazi wake naye adali atanenetsa kuti ntchito iyi ikamuthera, asavutike kubwerera pakhomo.

Ntchitoyo payokha siidamuopse. Munthu woti adagonapo chokhala, mawondo ali pachibwano, anthu zana m'chipinda cha anthu makumi awiri, angaope tiyi? Chomwe chinkamusowetsa mtendere ndi dengu. Dengu lothyolera tiyi limakhala kumsana, kukamwa kuli yasa, mwini wake osaliona. Ndipo ndende idamuphunzitsa kuti woima kumbuyo kwako ali ndi cholinga. Adaonapo ndi maso ake mnzake akumenyedwa mpaka kukomoka chifukwa cha foni yomwe wina adamuponyera m'bulangete asilikali a ndende atatsala pang'ono kuchita chipikisheni.

Choncho ankathyola mocheuka. Masamba awiri, kucheuka. Masamba atatu, kucheukanso. Anzake akamafika kumapeto kwa mzere, iye adakali pakati, khosi likuwawa.

Tsiku lachitatu, popita kusikelo, dengu lidamulemera kuposa zomwe manja ake adathyola. Mtima udagunda ngati injini yachigayo. Adapatukira pansi pa bulugamu, nakhuthula tiyi yense, nayamba kufufuza tsamba ndi tsamba. Mwala? Chamba? Mpeni? Ayi ndithu. Mudali tiyi yekhayekha, wanthete, wothyoledwa bwino kuposa wake.

Zimenezo ndiye zidamuopsa koposa. Nyapala, mkaidi wolamulira anzake m'selo, amayamba chomwecho. Lero akupatsa sopo, mawa kansomba, osanena kanthu. Mwezi ukatha akuloza munthu kuti ukamuthyole nthiti, ndipo sungakane, poti sopoyo udasamba kale.

Blackson adayamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Uyu akuseka chiyani? Uyo bwanji wasiya kuimba nditayandikira? Kapena ndi kapitawo yemwe wawatuma kuti amuyese? Lachinayi dengu lidalemeranso, ndipo phala lapantchito sadalilawe n'komwe.

Lachisanu m'mawa adasiya kucheuka. Adaweramira tiyi, makutu ali tcheru. Adamva pulasitiki yomanga m'chiuno ikukhula masamba kumbuyo kwake, kenako zingwe za dengu zidakoka pang'ono pamapewa.

Thupi silidafunse mutu. Adatembenuka, nagwira mkono, naupotokola, chibakera chili kale m'mwamba.

"Mayo ine! Mkono wanga!"

Adali mayi Teleza, mzimayi wamfupi wa imvi yemwe ankathyola mzere woyandikana naye. Masamba adagwa m'dzanja mwawo. Blackson adawasiya, koma munda wonse udali utaima, ndipo Malizani ankabwera akulumpha mizere.

"Chachitika n'chiyani apa?"

Mayi Teleza adagwirizira mkono pachifuwa. Adamuyang'ana Blackson nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ndaterereka, akapitawo. Bambowa andiwakha."

"Kuwakha ndi chibakera m'mwamba?"

"Nanga inu mumawakha bwanji akazi anu? Aliyense ndi kawakhidwe kake."

Azimayi ena adaseka, koma maso awo sankaseka. Malizani adafunsa mmodzimmodzi. Wina adati ankayang'ana tiyi, wina adati dzuwa lidamuthobwa m'maso. Kapitawo adatsonya.

"Achimwene, maso anga ali pa inu," adatero, nabwerera.

Blackson adadikira mpaka nthawi yopuma. Adawapeza mayi Teleza atakhala pamtumbira, akumanga mkono wotupa ndi kansalu konyowa. Adaima patali, msana atautsamiritsa kumtengo.

"Amayi, wakutumani ndani?"

"Kundituma chiyani?"

"Kundiikira tiyi m'dengu."

"Bambo inu, mutu wanu ukuyenda bwino? Ine ndaika lero lokha. Dzulo adaika ena, dzana ena. Gulu lathu lino mlendo timamuponyera sabata yoyamba kuti asachite manyazi kusikelo. Ngakhale a Malizani omwewo, asanakhale kapitawo, tidawaponyera, manja awo adali ngati a nkhanu."

"Bwanji osandiuza?"

"Tikuuzeni kuti mudzione wopempha? Izi sizinenedwa. Munthu amangozindikira yekha, nayenso n'kudzaponyera wina."

Blackson adapukusa mutu. Nkhani yokoma chotere adaimvapo kangapo, ndipo nthawi zonse inkathera m'magazi.

"Nanga bodza lija mwanena kwa akapitawo pondiikira kumbuyo? Nenani lero lomwe chomwe mukufuna. Musadzandiuze mwezi wamawa."

"Palibe chomwe ndikufuna."

"Chilipo. Nenani."

Mayi Teleza adaona thukuta likutsika m'khosi mwa bamboyo ngakhale adali pamthunzi. Adapumira m'mwamba.

"Chabwino. Mkono mwaupha ndinu. Mpaka utachira, mukatha mzere wanu muzilowa wanga. Ine ndizibwera pambuyo panu ndi dzanja limodzili."

"Pambuyo panga?"

"Eya, pambuyo panu penipeni. Mukacheuka kamodzi kokha, ndikukauza akapitawo kuti sindidaterereke."

Mapewa a Blackson adatsika koyamba sabata yonse. Chilango chodziwika malire ake ankachidziwa kasenzedwe kake.

Belu litalira, adatsiriza mzere wake, nalowa mumzere wa mayi Teleza. Kumbuyo kwake pulasitiki idayamba kukhula masamba, pafupi kwambiri, mpaka ankamva kupuma kwawo. Khosi lidauma gwa, mano adalumana. Adathyola mpaka kumapeto kwa mzere, maso ali patiyi.