Malata Obwereka

Katongo anali atatopa nawo madenga a ku Kanyama. Ntchito yake inali youlutsa kandege kojambula nyumba kuchokera m'mwamba, kuti ku ofesi adziwe zokhalamo anthu ndi mabwinja oti agwetsedwe pokumba ngalande. Tsono kandegeko nzeru kalibe. Kakaona malata kamati nyumba, kakaona zipupa zokhazokha kamati bwinja, basi.

Tsiku lina anapita pa bwinja lina atasenza makina ake a miyendo itatu, oyezera zipupa ndi kuwala. Anapeza mayi akuchapa pakhomo, ana akusewera m'kati mopanda denga. Mayiwo anali a Mwango, amasiye.

"Ndimwe munalemba ati nyumba yanga ni yogwesa?" anafunsa a Mwango.

"Si ine, ba mayo, ni kandeke. Nanga malata yali kuti?"

"Bamuna banga pamene banafa, babululu babo, ba kuchimuna, banabwela na motoka. Banazula vonse, na chiseko."

Katongo anamva chisoni, ndiponso chinamukwiyitsa, poti chisoni chimangochulukitsa ntchito. Ankadziwa kuti ngakhale akalongosole mpaka kukhosi kuume, ku ofesi amakhulupirira chithunzi chokha. Anakhala pansi pamthunzi n'kuvula nsapato imodzi.

"Batili yasala pang'ono," anatero. "Nizaulusa kamozi chabe. Kakabwela pamwamba, kapeze malata."

A Mwango anasiya zochapa zili m'beseni, ulendo khomo ndi khomo. Posakhalitsa malata anayamba kutulukira: lina la pachimbudzi, lina la pakhola la nkhuku, awiri a pakantemba kogulitsirapo tomato. Azibambo anawayala pamwamba osakhoma, n'kutsendereza ndi miyala ndi matayala akutha. Kandege kanadzuka, kanalira ngati udzudzu, kanajambula. Pachithunzi panatuluka denga ladzimbiri, lokhotakhota, losasiyana ndi ena onse a m'komboni.

"Yapulumuka," anatero Katongo, ndipo a Mwango anamuthokoza mogwada.

Koma chakumpoto kunali kutada, ndipo mvula ya ku Kanyama sicheza. Mwini nkhuku ndiye anayamba, maso ali pansi ndi manyazi. Kenako wa chimbudzi, kenako wa tomato, aliyense kusolola malata ake. Palibe amene akanawadzudzula.

Madontho oyamba anagwa Katongo akutsekera kandege m'bokosi lake losalowa madzi. Atacheuka anaona a Mwango akukokera matiresi pakona, akuuza ana kuti akhalepo onse pamodzi, afunde pulasitiki.