Chipembere cha ku Kayelekera

"Ine kolosiwedi sinandigonjetsepo chibadwire," ndinamva a Gideon akuuza mphunzitsi wachilendo m'chipinda cha aphunzitsi. "Mphindi khumi basi. Ndipo ndimalemba ndi bolopeni, osati pensulo ngati anthu okayika."

Ine ndinapitiriza kutakasa tiyi wanga. Ndaphunzitsa masamu zaka khumi ndi zinayi pasekondale yathuyi, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Hara, ndipo ndikudziwa kuti a Gideon, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, kalata ya mizere isanu amailemba masiku awiri. Koma msinkhu wangawu munthu umakayikira mumtima, pakamwa n'kumamwera tiyi.

Kolosiwedi yake ndi timabokosi tija ta kumbuyo kwa nyuzipepala, todzazamo mawu, ena chopingasa, ena chotsika. Tsiku lililonse imakhala ndi mutu wake: lero mitsinje, mawa zipatso. Mafunso amasintha, koma timabokosito n'tomwetomweto chaka chonse; wokonza wake akuoneka kuti sakonda kudzivuta. Sukulu imagula nyuzipepala imodzi, ndipo imatipeza itagona panjira. Ya Lachiwiri timawerenga Lachitatu. Tinazolowera mwakuti kuno palibe amene amayang'ana deti.

Mayi Tusekile, amene amataipa makalata a sukulu, ankaikondanso kolosiwediyo, koma inkawafika ili yodzazadzaza ndi inki ya a Gideon. Tsiku lina anatopa nazo.

"Bwana, tibetche. Mukatha teremu yonse osalakwitsa, ndikutaipirani mbiri ya moyo wanu ija pa holide. Mukalakwitsa tsiku limodzi lokha, mudzandiwokera mpunga m'munda mwanga m'mawa wonse."

"Mayi, yambanitu kupumitsa zala," anatero a Gideon.

Ine ndi a Kenan, mphunzitsi wa zaulimi, tinakhala mboni. Tinayang'anana mwachisoni, chifukwa mbiriyo inali makope asanu ndi awiri olemba pamanja, ndipo m'kope lachinayi mwini wake anali asanamalize pulaimale. Holide yomweyo ndi nthawi yowokera mpunga. Mayi Tusekile akanaluza, mbande zawo zikanakalambira pa nazale iwo akutaipa za mmene a Gideon anakhalira kapitawo wa kalasi ku Chiradzulu.

Masabata anadutsa, a Gideon osaphonya. Mayankho a tsiku lililonse amatuluka m'nyuzipepala yotsatira, ndipo tinkafananiza: zonse zolondola. Titatsala ndi sabata ziwiri kuti titseke, Mayi Tusekile anandikodola pawindo la ofesi yawo.

"Asambizgi, tawaonani bwana," anatero. Asambizgi ndi mmene kuno amaitanira aphunzitsi.

A Gideon anali pansi pa mtengo wa mango, pamalo pokhapo pomwe netiweki imagwira bwino, maso pa foni, milomo ikugwedera ngati munthu woloweza vesi.

"Tsiku lililonse naini koloko ali pamenepo," anatero mayiwo. "Mayankho a nyuzipepala yathu yogona amatuluka m'ya lero. Ya lero ife sitinaione, koma ku Blantyre aiona kale. Bwana ali ndi mlamu ku Blantyre, ndiye amawatumizira pa foni."

"Ndiye muwayalutsa?"

"Yayi. Ndingowagulira nkhani zatsopano. Munthu wamkulu ngati amene uja asamawerenge zogona."

Mchimwene wa Mayi Tusekile, Ambokile, amayendetsa lole ya mpunga kupita ku Mzuzu. Lachitatu lotsatira anabwerako m'mawa atanyamula nyuzipepala ya Lachitatu lomwelo. Mayi Tusekile anaiyika patebulo la aphunzitsi, ya Lachiwiri n'kuibisa m'dirowa.

Pa nthawi yopuma a Gideon anakhala pampando wawo, n'kuvula wotchi kuyika patebulo kuti tonse tione nthawi. Analemba osapumira. Mawu onse analowa bwinobwino, pakuti timabokosi n'tomwe tija.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri," analengeza. "Lero anafewetsa."

"Yewo chomene, bwana," anatero Mayi Tusekile. "Tatiyeni tiwerenge limodzi, nafe osaphunzira titoleko nzeru. Mutu wa lero ndi boma la Karonga."

Nkhope ya a Gideon inachita ngati ya munthu woponda minga.

"Funso loyamba chopingasa: mtsinje wothirira mpunga kumwera kwa Karonga. Ife timati Wovwe. Bwana alemba nyani."

A Kenan anatsamwa ndi tiyi.

"Funso lachitatu chotsika: minda ya mpunga ya kufupi ndi Chilumba. Bwana alemba fisi. Asambizgi, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukuphunzitsa ku Fisi?"

"Ndimadabwa nkhuku zanga kutha," ndinatero.

"Funso lachisanu chopingasa: phiri limene ankakumbapo miyala ya yureniyamu. Chipembere."

"Ku Kayelekera ndagwirako ganyu miyezi itatu," anatero a Kenan, "koma chimenecho sichinandithamangitsepo."

A Gideon anatenga nyuzipepala ija n'kuiyandikiza kumaso. "Apa wosindikiza wasokoneza. Ndiwalembera kalata."

"Musanalembe, bwana, taonani m'munsimo," anatero mayiwo mofatsa. "Pamene palembedwa kuti mayankho a dzulo. Nyani, fisi, chipembere, onse ali pamenepo mumndandanda wake. Mwakhoza zonse, bwana. Mwangokhoza za dzulo."

Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Hara, a Gideon anayang'ana deti. Analiyang'anitsitsa ndithu. Kenako anavala wotchi yawo n'kunena kuti ali ndi kalasi, ngakhale tonse tinkadziwa kuti Lachitatu alibe.

Loweruka loyamba la holide tinapita kumunda kwa Mayi Tusekile aphunzitsi asanu ndi atatu, ena amene sanayambe afikapo pamsonkhano uliwonse wa sukulu nthawi yake. Alimi a minda yoyandikana nawo anasiya makasu. Ndinene chilungamo: a Gideon anabwera. Anavula nsapato, n'kuzisanjika pouma, masokosi m'kati, napinda buluku mpaka m'maondo. Tayi sanavule.

"Mbande ziwiri paphando, bwana, osati mtolo," anakuwa Mayi Tusekile atakhala pandowa, nyuzipepala pamwendo, pensulo m'manja. "Chingwecho chitsateni. Chopingasa kaye, chotsika pambuyo."

Pofika leveni koloko anali atawokera mizere khumi ndi umodzi, isanu mwa iyo yowongoka. Anaweramuka, matope mpaka patayi, n'kutembenukira kwa ife.

"Mboni, mwaona? Ndalipira."

"Taona," tinatero ine ndi a Kenan.

"Ndipo muone kawokedwe kake. Anthu ambiri sadziwa kuti ine ndinabadwa mlimi. Zimenezi zili m'kope lachiwiri."

"Tidzawerenga, bwana," anatero Mayi Tusekile osadzutsa mutu pa timabokosi tawo. "Mukadzapeza wotaipa."