Kabakuli ka Mayi Maggie

Lole ya zinyalala imakhota pakona n'kuti ine mutu uli m'bini, miyendo ikulendewera. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, nditavala masilipasi ndi jekete la kutchalitchi, ndikufukula zinyalala ngati nkhuku padzala.

"Adadi, tulukanimo!" anakuwa Olivia, mwana wanga, ali pakhomo. Kenaka anatembenukira ku Chingerezi chake cha ku Glasgow chija, chimene mpaka lero ndimangotolapo theka. "Anthu akukuonani pawindo!"

Aone! Ine ndinkafuna kabakuli kamodzi basi, ka majarini, koyera, ka chivindikiro chachikasu.

Tinkakhala m'kamudzi kena kumapeto kwa Glasgow, kumene basi imakatembenukira. Khonsolo inali itaika lamulo loti nyumba iliyonse izisiyanitsa zinyalala. Mapepala bini yake, mabotolo yake, zakudya zotsala yake, mapulasitiki ndi zitini m'bini yotuwa. Uzitsuke kaye, ndipo tsiku lake likafika ukaimike biniyo m'mbali mwa msewu. Ukasakaniza, amamatapo sitika n'kukusiyira yodzaza. Zonsezi ankazidziwa ndi mkazi wanga Tione. Ine yanga inali kukoka bini imene wandilozera.

Koma mabakuli okha Tione sankataya. A majarini, a ayisikilimu, ankawatsuka n'kuwasanja m'kabati mpaka chitseko chinkakana kutseka. "Izi si zinyalala, bambo a Olivia," ankatero. Ankaikamo mandasi kapena nyemba n'kupatsira anzake a kumpingo ku Maryhill ndi ku Dennistoun. Mwa chikhalidwe chathu mabakuliwo sankabwerera opanda kanthu, ndiye ankangoyenda, kupita n'kubwera, ndipo anthu ankabwera nawo limodzi.

Tione atamwalira, a kumpingo anadzaza nyumba. Anaimba, anagona pabalaza, anachita zonse zoyenera. Mwambo utatha, mashifiti a kuntchito anawaitana. Sindikuwadandaula ayi, kuno munthu sapuma, komanso basi ya kwathu ndi ya apo ndi apo. Olivia anabwerera kwake ku Shawlands. Nyumba inangoti zii. Ndinasungulumwa, abale, mpaka ndinayamba kutsutsana ndi wailesi. Masiku ena mawu anga ndinkawamva popempherera chakudya pokha.

Ndiye masana ena ndinamva kugogoda. Anali Mayi Maggie a tsidya la msewu, amasiye ngati ine, amene zaka zonsezo tinkangokwezerana mkono.

"Ndaphika supu wambiri," anatero m'Chingerezi, akundipatsira kabakuli kotentha. "Ndekha sindingamalize. Mukudya koma inu?"

Anaima pang'ono pakhomo, tikudandaula za mvula. Chichokereni maliro, ameneyu anali munthu woyamba kugogoda.

Supu ndinamwa, kabakuli ndinatsuka n'kukaika pamwamba pa a Tione. Vuto linali loikamo pobweza. Ine kuphika ndi mbuli yeniyeni, ndipo kukagula mabisiketi n'kuikamo ndinkaona ngati chipongwe. Masiku anapita ndikusinkhasinkha. Komabe mtima unali m'malo, poti kabakuliko kakadali kwa ine, ndinali ndi chifukwa chokagogoda pakhomo la munthu.

M'mawa wa tsiku limene ndikunenali Olivia anabwera molawirira kudzandikonzera m'nyumba ine ndikusamba. Nditatuluka ndinapeza kabati ili pululu.

"Mabakuli aja ali kuti?"

"M'bini yotuwa, adadi. Lero ndi tsiku lake. Ndi mapulasitiki chabe, amayi ankangosunga."

Ndi mmene ndinathamangira kumsewu, n'kulowetsa mutu m'bini.

Ndinakapeza pansi penipeni, chivindikiro chili pambali. Nditadzuka ndinaona bambo wa lole ataima, magolovesi ali m'chiuno, akundidikira.

"Mwamupeza golide wanuyo?" anafunsa akuseka.

Ndinamuonetsa kabakuliko. Iye anakoka bini, makina anainyamula, ndipo ndinamva mabakuli onse a Tione akuphwanyika mkati mwa lole. Amenewo sindinathe kuwapulumutsa, manja anali awiri okha ndipo lole siidikira.

"Tikanakugulirani kena," anatero Olivia titalowa, manyazi atamugwira.

"Si kathu aka. Ndi ka Mayi Maggie."

"Sakukafuna, adadi! Kuno sabweza zimenezo."

"Iwe unabadwira kuno, ndiye wadziwa mitima ya anthu onse?"

Olivia anandiyandikira. Anandipukuta chamajarini chimene chinamatirira pakolala ya jekete, maso ali pansi, kenaka anathamangira basi yake.

Tsiku lomwelo ndinakumbukira chinthu chimodzi chimene ndimatha: kukazinga mtedza. Ndinakwera basi kukaugula m'tawuni, kusitolo ya zakudya za kwathu. Woyamba ndinapsereza mpaka alamu ya utsi inalira. Wachiwiri ndinafatsa nawo, moto wochepa, kutakasa osaleka, kumapeto n'kuwaza timadzi tamchere mpaka unayera mbuu. Ndinadzaza kabakuli, n'kuvala tayi.

"Ayi, a Tadeyo, simukanavutika!" anatero Mayi Maggie atatsegula chitseko. Analawa kamodzi, n'kutapanso. "Koma ndiye ngokoma! Ndipo kabakulika mukanangotaya, ndili nato tambiri."

Ndinafuna kuwafotokozera za kwathu, kuti tsopano ndi ulendo wawo. Koma ungamuuze bwanji munthu kuti abweze mbale ili ndi kanthu? Kumeneko ndi kupempha. Ndinangoseka n'kunena kuti mvula yalekako lero. Foni yawo inalira m'nyumba, anapepesa, chitseko chinatsekeka bwinobwino.

Ndinayamba kudikira. Ndinasesa pakhomo, ndinatsitsa kapu yachiwiri m'kabati n'kuitsuka, wailesi ndinkaichepetsa kuopa kuti ndingaphonye kugogoda. Ngakhale Lamlungu ndinkathamangira basi yoyamba yobwerera, osakhalira tiyi wa kutchalitchi. Wamakalata akaponda pakhomo mtima unkagunda ngati wa mnyamata. Ndikawaona Mayi Maggie panja ankandikwezera mkono mokondwa, monga kale.

Tsiku la bini yotuwa linafikanso. Yanga inali yopepuka, munthu mmodzi amataya zingati? Ndinaikokera kumsewu m'mawa kukuwaza kamvula. Tsidya linalo ya Mayi Maggie inali itaima kale, yodzaza mpaka chivindikiro chinangokhala chokanula. Pamwamba penipeni panali chachikasu.

Ndinawoloka. Kanali kabakuli komwe kaja. Anali atakatsuka bwino, mayi aukhondo, monga lamulo linenera. Ngakhale kafungo ka mtedza munalibe.

Ndinaima pamenepo mvula ikundinyowetsa. Sanalakwe chilichonse, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri, poti panalibe woti ndimukwiyire. Makatani a nyumba yawo anali otseka. Kumunsi kwa msewu lole inali itayamba kumveka.

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kukatenga, n'kukabisa m'jekete. Kunyumba mtedza unalipo wotsala.