Nyimbo ya Esnart Italowa pa Kaseti

Ku Mpama nyimbo ya pamtondo sinabalepo mlandu. Mkazi amatha kunena apongozi ake m'nyimbo, apongoziwo n'kumavomera nawo. Esnart anakula akudziwa zimenezo. Ndiye a Kalinde atayamba kuzemba amayi amene anaika ndalama za nandolo ku kampani yawo ya Chuma Chibala, ati zikabereke, iye anangowapekera nyimbo. Inatchula dzina lawo, inatchula ofesi yawo, inanenetsa kuti ndi mbava.

Zinalakwika pa ukwati wa mphwake. Anamupatsa maikolofoni, ndipo Esnart ndi maikolofoni sakanakanana. Chinali chaka cha 1996, aliyense ankati pakamwa patseguka. Wina anajambula pa kaseti, nyimboyo n'kuyamba kulira m'magolosale.

Samani itafika yoti a Kalinde amusumira, Esnart anachita mantha kwambiri. M'khoti anali asanapondemo. Ankadziwa kuti akaluza, cholanda chinalipo chimodzi chokha: malata a nyumba amene malemu mwamuna wake anamusiyira. Anathamangira kwa Chisoni, mnzake wosinja naye.

"Amwali, mukandichitire umboni. Si nanunso zanu zinalowa?"

"Ife tinkangovomera," anatero Chisoni, maso ali pansi. "A Kalinde atumiza mawu kuti wopereka umboni sadzalandira kanthu. Nanga zathuzo tizitaye?"

Ku khoti loya wa a Kalinde anaika wailesi patebulo n'kuyatsa kaseti ija. Mawu a Esnart anamveka bwino kuposa tsiku lililonse. 

"Mawu awa ndi anu, mayi?" anafunsa majisitireti.

"Ndi nyimbo chabe, bwana. Kwathu timatero."

"Muli ndi umboni woti kampaniyi inaba?"

Esnart anacheuka. Mabenchi anali atadzaza amayi a ku Mpama, onse amene ankavomera nyimbo ija. Aliyense anali kalikiliki kukonza chitenje chake.

Khoti linati waipitsa dzina la bizinesi ya eni, alipire chipepeso. Analibe. Asherifu anabwera ndi makwerero mitambo itayamba kale kuda, ana ake atangoti kakasi pabwalo. Anazula malata limodzilimodzi, kumwamba n'kumaonekera m'chipinda chogona. Esnart anakhala pa mtondo wake, pakamwa atagwira.

Padengapo mmodzi wa amuna aja, akuzula misomali, ankaimba mluzu. Inali nyimbo yomwe ija.