Chingwe cha Gomezgani

Mvula ya Epulo itakokolola pikapu ya a Boniface pa kamlatho ka Lunyangwa, anthu a ku Chibavi anakumbukira kuti Gomezgani ali ndi botolo la mpweya wopumira pansi pa madzi. Anabwera nalo kuchokera ku Nkhata Bay, kumene ankamira ndi alendo loji isanatsekedwe. Koma kunyanjako munthu amaona mchenga pansi. Apa panali phala la matope, likuthamanga ndi nthochi ndi zitseko za zimbudzi.

Ntchito inali yoti amire, akoleke tcheni kugalimoto, thalakitala ikoke. M'chiuno anamanga chingwe, nsonga napatsa mkazi wake Dailesi. Lamulo lake Dailesi ankalidziwa ngati Atate Wathu: kukoka kamodzi, ndili bwino, katatu, nditulutseni msanga.

Gomezgani atangomira, a Boniface anayandikira.

"Amama, madzi awa akutengani nonse awiri. Chingwecho apatseni anthu aamuna."

Dailesi anakulira pakhomo pamene mkazi satsutsa bambo wamkulu pagulu. Anapereka chingwe kwa anyamata atatu a a Boniface.

"Akakoka katatu, mumukoke," anatero.

Chingwe chinagwedezeka kamodzi. Kenaka zii. Kenaka katatu.

"Adada, wakoka katatu!"

A Boniface anakodola woyendetsa thalakitala. Uja anayesa pang'ono, tcheni inabwera yopepuka.

"Sanakoleke. Musiyeni. Mpweya wabereka kumsana, akuopa chiyani?"

Katatu kenanso. Kenaka chingwe chinayamba kugwedezeka mosawerengeka.

"Yadya nyambo!" anakuwa mnyamata wina. "Kampango wamkulu chomene!"

Anthu pamtunda anaseka, mafoni ali m'mwamba. Dailesi anagwada m'matope, nagwira mwendo wa buluku la a Boniface. Iwo anasuntha phazi ngati akupewa ndowe.

Chingwe chinaleka. Patapita kanthawi tcheni ndiyo inagwedezeka, n'kulimba. Dailesi anazindikira: mwamuna wake wamvetsa kuti satuluka asanakoleke.

"Si izo! Koka!" anakuwa a Boniface.

"Dikirani atuluke kaye!" anakuwa Dailesi.

Thalakitala inabangula, mawu a Dailesi n'kumira. Denga loyera la pikapu linatumphuka, madzi akutsanuka m'mawindo. Anyamata aja anataya chingwe, nathamangira kukathandiza kukankha. Dailesi anachidumphira. Anakoka, anakoka, manja n'kusupuka. Chinabwera mosavuta, ngati akuanula zovala. Kunsonga kunali ulusi wophwanyika, pamene galimoto inachipera pamwala.

Anayang'ana kumunsi. Madzi okhaokha.

A Boniface anazungulira pikapu yawo, akugogoda apa ndi apo. Chitseko cha kumbuyo chinali lende.

"Amuna anu ndi katswiri, amama. Atulukira kumunsiko, musadandaule." Anatambasula dzanja. "Tibwerekeniko chingwecho, timange chitsekochi."

Anthu onse anali kumuyang'ana. Dailesi anapereka ndi manja awiri.

"Yewo," anatero a Boniface.