Mawu Oitanira Ndakuona

Eluby analota kuti watsegula chitseko cha kuchipinda kwake n'kupeza bwalo la mpikisano wa agalu. Munalibe bedi, munalibe sutikesi. Munali udzu wotchetcha bwino, mipiringidzo yoti agalu azidumpha, ndi dzuwa la masana. Sanadabwe. Anatseka chitseko kuti fumbi lisalowe pabalaza, nalowa m'bwalomo ndi galu wake Ndakuona.

Kunena zoona, galuyo sanali wake. Anali wa mwamuna wake Wyson, amene ankaphunzitsa agalu pakampani ina ya alonda ku Limbe mpaka chifuwa chinamutenga pakati pa dzinja. Maliro atatha, abale anagawana njinga, wailesi ndi majekete, koma galu palibe anamufuna. Eluby anatola chingwe cha galuyo nayamba kupita naye kumipikisano kumene malemuyo ankapita. Kunyumba Ndakuona ankamvera chilichonse. Koma akangolowa m'bwalo, Eluby ankakoka chingwe mwamantha, galu n'kuyamba kuzungulirazungulira ngati wasochera.

M'malotomo oonerera onse anakhala chofulatira, maso ali kumpanda. Ankaomba m'manja osaona kanthu.

Chimene chinayamba kuyankhula ndi chingwe.

"Pepani mayi, mukundifinya," chinatero. "Ine ntchito yanga ndi yonyamula uthenga. Zonse zimene mtima wanu ukunena ndikukazitula pakhosi pa galu."

"Nanga panopa ukumuuza chiyani?" anafunsa Eluby.

"Kuti tithawe."

Woweruza mpikisano anali Wyson. Anavala suti yotuwa imene anamuika nayo m'manda, koma kumapazi kunalibe nsapato. Anayandikira mwaulemu ngati munthu amene sanadyepo naye mbale imodzi.

"Mayi Nansongole," anatero, ndipo dzinalo linamubaya Eluby, chifukwa ali moyo ankangomuitana kuti Elu. "Tulutsani kaye mpweya wonse, kenako mulamule. Galu amayamba wamva kupuma kwanu, mawu amabwera pambuyo."

Eluby anapuma. M'kamwa mwake munatuluka ngumbi zambirimbiri, zinauluka kulowera kumpanda, ndipo chifuwa chinapepuka. Chingwe chinalendewera, chinasiya kudandaula.

Anayamba kuthamanga. Ndakuona anadumpha bwino mipiringidzo yoyambirira, koma umodzi anaukhudza ndi mwendo wam'mbuyo, n'kuugwetsa. Mpiringidzowo sunakhale pomwe unagwera. Unayamba kuwatsatira, ukukwawa ngati buluzi. Eluby akacheuka, unkakula. Anacheukanso, unafika ngati mtanda wa denga. Galu anaima, mchira pakati pa miyendo, akuyang'ana nkhope ya Eluby kuti adziwe chimene walakwa.

"Umenewo wagwa kale, mayi," anatero Wyson. "Mukamauyang'ana mukuudyetsa. Maso anu akhale pa umene uli kutsogolo."

"A Wyson, kodi kumeneko mumadya?"

"Pitirizani, mayi. Galu akudikira."

Anapitiriza, misozi ili m'maso, osacheukanso. Kumbuyo ankamva chinthucho chikukwekwereza pansi, kenako phokoso linachepa, kenako zii.

Kumene bwalo linkayenera kuthera kunali mtsinje waukulu wa madzi ofiira, woyenda opanda phokoso. Wyson anawerama, anamasula chingwe pakhosi pa galu, natenga Ndakuona kulowa naye m'madzi. Anamukhazika pamchenga wa pakati pa mtsinje. Iye anawolokera tsidya lina, buluku lake losanyowa, naima manja ali kumbuyo.

"Mayeso otsiriza ndi awa," anatero. Sanakweze mawu, koma anamveka ngati ali pambali pake. "Muitaneni."

Eluby anachita zimene ankachita nthawi zonse. Analiza mluzu wa mwamuna wake uja, nakhuthalitsa mawu ngati a mwamuna.

"Ndakuona! Bwera kuno!"

Galu anadzutsa makutu, natembenukira kwa Wyson.

Eluby anayesanso, mokuwa kwambiri. Galu anaika phazi limodzi m'madzi, cha kutsidya.

"Mawu amenewo ndi anga, mayi," anatero Wyson. "Ndinabwera nawo kuno. Mukamuitana ndi amenewo, abwera kumene kuli mwini wake. Muitaneni ndi anu."

"Anga sindikuwadziwa kumene ali. Chichokereni inu sindinawagwiritse ntchito."

"Ali pansi pa kulira. Musaope kudutsapo."

Eluby anagwada pamatope. Anasiya kudzigwira, ndipo analira monga sanalirire ngakhale tsiku la maliro, pamene azakhali ankamugwira mapewa kumuuza kuti alimbe mtima. Kulirako kutaphwa, panatsala timawu tating'ono tosasa, timene ankaitanira nkhuku madzulo.

"Ndaku, bwera mwanawe. Bwera kwa ine."

Galu anatembenuka. Analowa m'madzi nayamba kusambira molunjika kwa iye, mutu wokha uli pamwamba. Eluby anakweza maso kuti aone ngati mwamuna wake wakondwa, ndipo anaona kuti mapazi a Wyson palibe. Galu akamayandikira, Wyson ankatha pang'onopang'ono kuchokera pansi, ngati chithunzi chosiyidwa padzuwa. Maondo anapita. Manja anapita.

Pamenepo Eluby anazindikira kuti akangonena kuti "ima", galu aima pomwepo, ndipo chimene chatsala cha mwamuna wake chikhalabe tsidya linalo, iye n'kumachiyang'ana mpaka kalekale. Mawuwo anafika palilime.

"Musamuimitse pakati pa madzi," inatero nkhope ya Wyson. "Atopa, amira. Mwayamba kuitana, malizani."

"Ndiye inu?"

"Ine mpikisano wanga unatha, Elu."

Eluby anatseka maso kuti asaone zotsalazo. Anatambasula dzanja, napitiriza kuitana ndi mawu ake osasawo, osathamanga, osakuwa, kupuma kaye kenako kuitana, mpaka mphuno yozizira inakhudza chikhatho chake.

Anadzidzimuka ali pamkeka pakhonde, pomwe tulo tinamubera atachoka kochapa. Ndakuona anali atagoneka mutu padzanja lake, akumuyang'ana mwakachetechete. Mtima wa Eluby unadumpha ndi chimwemwe, natembenuka msanga kuti auze mwamuna wake kuti galu wabwera, wabwera yekha popanda chingwe. Pakamwa panali patatseguka kale pamene anakumbukira kuti palibe womuuza.